Zipsera zisiyeni, koma chinyontho musachilekerere: zomwe taphunzira posamala zifanizo za m'tchalitchi

Patsaya lamanja la chithunzi cha Amayi Maria a ku Częstochowa, m'dziko la Poland, pali zipsera ziwiri zazitali. Anazitema ndi lupanga achifwamba amene anathyola nyumba ya amonke ya Jasna Góra mu 1430, ndipo thabwa lomwe chithunzicho chinajambulidwapo linasweka. Chinatengedwa kupita ku Kraków kuti chikakonzedwe. Odziwa mbiri yake amafotokoza kuti amisiriwo anaona zakuda: utoto wawo unkakana kugwira, chifukwa wojambula woyamba anasakaniza utoto wake ndi phula, pomwe iwo ankadziwa wosakaniza ndi dzira. Mapeto ake anajambulanso nkhopeyo pathabwa lomwelo, zipserazo n'kuzibwezeretsa kuti zizioneka. Zilipo mpaka lero.

Ife amene timagwira ntchito ya m'sakristiya ndi yokonza zifanizo m'matchalitchi a kuno ku Zomba timaikumbukira nkhaniyi pachifukwa chosiyana ndi cha alaliki. Vuto la amisiri a mu 1430 ndi lomwe timalipeza mpaka pano, m'tauni ndi kumidzi komwe: munthu kupaka penti pachinthu chimene sakudziwa kuti chinapangidwa ndi chiyani.

Nkhondo kuno tilibe, Mulungu apitirize kutisunga choncho. Komabe zifanizo zathu zikutha, ndipo sizikutha ndi lupanga ayi.

Tengani chithunzi cha Yesu Wachifundo, chija cha kuwala kofiira ndi koyera kotuluka pamtima. Choyambirira anachijambula Eugeniusz Kazimirowski mu 1934 mumzinda wa Vilnius, Faustina Woyera akumuuza momwe anaonera. Boma la Soviet litatseka tchalitchi la Mikaeli Woyera, momwe chinkakhala, mu 1948, amayi awiri anachitulutsa mwakachetechete, nachikulunga, nachibisa m'denga la nyumba kwa zaka zingapo. Kenako chinakapezeka ku Nowa Ruda, m'dziko lomwe pano ndi Belarus. Mu 1970 tchalitchi lakumeneko analisandutsa nyumba yosungiramo katundu, zonse za m'kati n'kutulutsidwa, koma chithunzicho chinatsala chili pakhoma. Akuti chinali pamwamba kwambiri ndipo panalibe makwerero ofikapo. Chinabwerera ku Vilnius mobisa mu 1986. Tsono imvani izi: pamene akatswiri anachikonza mu 2003, zomwe ankalimbana nazo sizinali mabala a asilikali. Zinali mawanga a chinyontho ndi utoto umene anthu ofuna kuthandiza anapakapo m'zaka zonsezo. Adani athu pano ndi omwewo, kuonjezapo chiswe, mwaye wa makandulo ndi zitosi za mileme.

Tikudziwa kuti ena akuwerenga akuti, "Zonsezi chifukwa cha mafano?" Mpingo unayankha kale pamsonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787: chifanizo sitichipembedza, timachilemekeza, ndipo ulemuwo umapita kwa mwini nkhopeyo. Chithunzi cha malemu agogo anu simuchisiya pokudontha. Sitipitirira apa. Chofunika kwa inu osamalira ndi lamulo la Mpingo nambala 1189: chifanizo chamtengo wapatali chifukwa cha ukale, luso kapena ulemu umene akhristu amachipatsa, sichikonzedwa popanda chilolezo cholembedwa cha Ambuye Episkopi kapena owaimira, ndipo iwo amayenera kufunsa kaye akatswiri. Ndiye chikakhala chakale, cha nthawi ya amishonale, choyamba si kugula penti koma kukaonana ndi Bambo Mfumu.

Musanachikhudze, dziwani chinapangidwa ndi chiyani. Chipendeketseni pang'ono, wina atagwira, muone kunsi kwake komwe kulibe utoto. Chikakhala choyera ngati choko, chikhadabo n'kumalembapo, m'kati muli mphako, ndi pulasitala. Zifanizo zambiri zakale za Mtima Woyera, Amayi Maria ndi Yosefe Woyera ndi zoterezi. Chotuwa, cholemera, chokhakhala ndi simenti. Chopepuka, cholira ngati chidebe mukachigogoda, ndi pulasitiki kapena faiba. Chamtengo chimadziwika ndi mizere yake. Chilichonse chili ndi matenda ake, ndipo mankhwala a china amapha chinzake.

Pulasitala ndiye amatidandaulitsa kwambiri, choncho tikhalitsapo. Mdani wake ndi madzi. Loweruka amayi a mphakati umene uli pantchito yosesa amabwera ndi ndowa, sopo ndi nsanza, ndipo mwa chikondi chenicheni amasambitsa Amayi Maria ngati mwana. Madziwo amalowa m'ming'alu ya utoto, pulasitala amamwa, n'kufewa. Choipa kwambiri chili m'kati: m'manja, m'khosi ndi m'zala amisiri ankaikamo waya wachitsulo. Waya akanyowa amachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, n'kung'amba pulasitala kuchokera m'kati. Mukaona mzere wofiirira pamkono kapena pakhosi, dziwani kuti ntchitoyo yayamba kale. Kunja kuwala, m'kati mukuwola: chikomekome cha mkuyu.

Choncho pulasitala sasambitsidwa. Gulani bulashi yatsopano yofewa ya penti, ya mainchesi awiri, muilembe kuti ndi ya zifanizo, ndipo isagwirenso ntchito ina. Phumulani fumbi kuyambira kumutu kutsika, kamodzi pamwezi basi. Nsanza imakoka utoto umene wayamba kusupuka, ndipo bulashi ya nthenga imakola zala. Pamene utoto ukutukuka ngati mamba a nsomba, musadutsepo n'komwe. Ponyamula, dzanja limodzi kunsi, lina kumsana. Osagwira mutu, mikono kapena mtanda wa m'manja. Chikapitirira mita imodzi, anthu awiri, ndipo malo okachiika akonzedwe musanachinyamule.

Chala kapena dzanja likathyoka, tolani tizidutswa tonse, ngakhale tochepa ngati mpunga, muike mu envelopu yolembedwa dzina la chifanizo ndi tsiku. Supagulu musamuyerekeze: amalowerera m'pulasitala, amauma musanalunjike, ndipo mukalakwitsa palibe kubweza. Wabwino ndi guluu woyera wa akalipentala. Yambani mwayesa kulumikiza popanda guluu kuti mudziwe chidutswa choyamba ndi chiti. Kenako sungunulani guluu, supuni imodzi ku masupuni anayi a madzi, mupake pang'ono mbali zonse ziwiri zothyokazo, mudikire ziume. Izi zimatseka timabowo. Mukalumpha sitepe imeneyi, pulasitala amamwa guluu yense ndipo dzanjalo limagwa pakapita sabata. Zikauma pakani guluu weniweni mopyapyala, lumikizani, pukutani wotuluka, mumange ndi legeni mosathina, pansi pa legeniyo mutayala kansalu. Lisiyeni maola 24. Ngati ndi mutu wa kachifanizo kakang'ono, kaimikeni m'beseni la mchenga wouma kuti kasasunthe.

Pamene pasowa chidutswa, timadzaza ndi pulasitala watsopano: makapu awiri a ufawo ku kapu imodzi ya madzi. Thirani ufa m'madzi, osati madzi mu ufa, ndipo musakanize wochepa chifukwa pakatha mphindi khumi wayamba kale kulimba. Nyowetsani pang'ono m'mphepete mwa bala lokha, apo ayi wakale amayamwa madzi a watsopano n'kumusiya wofumbutuka. Waya wadzimbiri amene akuoneka achotsedwe, alowe wosachita dzimbiri. Dikirani sabata yathunthu musanapake utoto, ndipo mupake utoto wamadzi pachigamba pokhapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa tinene mosabisa: penti wonyezimira wa mafuta, uja wa zitseko ndi mawindo, waononga zifanizo zambiri kuposa mvula. Amatsekera chinyontho m'kati, amakwirira mizere ya maso ndi milomo, ndipo nkhope imene mmisiri anaipaka mitundu isanu yofewa imasanduka ya chidole. Dziko lonse linaseka chithunzi cha Yesu cha ku Borja, ku Spain, chimene munthu wamtima wabwino anachikonza mu 2012 n'kuchisandutsa china. Tisaseke kwambiri. Zotero tazionapo kuno, kungoti panalibe wojambula n'kuika pa Facebook.

Chifanizo chofwifwa si chamanyazi. Ku Nagasaki, bomba la atomiki litagwa pa 9 Ogasiti 1945 pafupi ndi tchalitchi la Urakami, m'mabwinja munapezeka mutu wokha wa chifanizo chamtengo cha Amayi Maria, tsaya litapsa, m'maso muli mabowo akuda. Sanauikenso maso, sanaupake. Uli m'tchalitchi lomwe anamanganso pamalopo, ndipo anthu amapemphera patsogolo pake uli choncho. Ku Mexico nakonso, pa 14 Novembala 1921, munthu anabisa bomba m'maluwa n'kuliika pansi pa chithunzi cha Amayi Maria a ku Guadalupe. Chithunzicho sichinaonongeke, koma mtanda wachitsulo wa paguwa unapindika, ndipo anausunga wopindika chomwecho kuti anthu aziuona.

Poti tatchula maluwa: athu alibe mabomba, koma ali ndi madzi. Botolo la maluwa lisakhale pathabwa limodzi ndi chifanizo. Likadontha kapena kugubuduka, madzi amathamangira kunsi komwe kulibe utoto. Makandulo akhale theka la mita kutali, ndipo akhale m'munsi kutsogolo, osati pansi penipeni pa nkhope, poti mwaye umakwera molunjika. Phula likadonthera, lisiyeni liume, mulitukule ndi kamtengo, osati mpeni.

Zamtengo, monga mitanda ndi zosema zokongola zija zochokera ku Kungoni ku Mua, mdani wake ndi chiswe ndi tizilombo tofumbwitsa. Chiswe chimachokera pansi ndi m'khoma, ndiye chifanizo chisakhudze dothi kapena khoma: masentimita 15 kuchoka pansi, asanu kuchoka kukhoma, ndipo mwezi uliwonse yang'anani kumbuyo ngati kuli tinjira tadothi. Mukaona timabowo ting'onoting'ono, musafulumire kuthira mankhwala. Mwina tizilomboto tinachoka kale. Chiimikeni pansalu yakuda kwa masabata awiri. Pakagwa ufa woyera watsopano, tilimo. Chosema chaching'ono chopanda utoto mutha kuchimanga bwino m'jumbo, kutulutsa mpweya, n'kuchiika mufiriji youmitsa yofika pa madigiri 18 pansi pa ziro kwa masabata awiri. Magetsi akazima tsiku lonse, yambani kuwerenga mwatsopano. Potulutsa, jumbo isatsekulidwe mpaka patapita tsiku, kuti thukuta likhale kunja kwa jumbo osati pamtengo. Chopakidwa utoto musachiike mufiriji, utoto ungasweke. Chipatuleni kwa zinzake mufunse odziwa. Oyilo wakuda wa galimoto ndi dizilo, zomwe timapaka mitengo ya denga, pachifanizo zimasiya banga losachoka, ndipo pambuyo pake palibe guluu kapena utoto umene ungagwirepo.

Nyengo ya kuno simuisowa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makoma amatuluka thukuta, ndipo matchalitchi a m'mphepete mwa phiri amaonjezera nkhungu ya mu Juni ndi Julayi. Chinyontho cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nguwi imamera. Zoyamba kudwala ndi zamapepala: zithunzi 14 za Njira ya Mtanda, cha Yesu Wachifundo, cha Amartiri a ku Uganda. Pepala lisagunde galasi. Pakhale kabodi wodulidwa ngati zenera pakati pake, apo ayi limamatirira ndipo simudzalimatulanso. Kumbuyo kwa felemu, m'makona awiri a m'munsi, matanipo zitsekerero za mabotolo apulasitiki kuti mpweya uzidutsa. Kanthu kopanda mtengo, koma kapulumutsa zithunzi zambiri. Dzuwa nalo limadya mitundu, kuyambira yofiira ndi yachikasu. N'chifukwa chake chithunzi chapafupi ndi zenera chimatsala chobiriwira motuwa. Seloteyipi ayi, ndipo chithunzi chakale musachipititse kokamata pulasitiki ndi makina otentha aja.

Za ku grotto, kaphanga kapanja koikamo chifanizo, sitichulutsa. Simenti imapirira madzi, ndiye ndere muichotse ndi madzi ndi bulashi yofewa, osati yawaya. Tsekani ming'alu mvula isanayambe, mu Okutobala, chifukwa nazo zili ndi zitsulo m'kati. Simenti yatsopano idikire masiku 28 isanapakidwe, ndipo penti akhale wamadzi wa makoma akunja. Chifanizo cha pulasitala musachiike ku grotto ngakhale pali kadenga.

Tibwerere ku Mexico pang'ono. Boma litakulitsa chizunzo cha Mpingo mu 1926, chithunzi cha Guadalupe anachichotsa mobisa n'kukachisunga m'nyumba ya banja lina mpaka 1929, m'tchalitchi n'kuikamo chofanana nacho. Nzeru imeneyi imagwira ntchito ngakhale pamtendere. Pamdipiti wa mwezi wa Meyi kapena wa Okutobala, ndi poyendetsa Amayi Maria m'miphakati ndi m'mabanja, chisatuluke chakale cha pulasitala. Gulani chafaiba chopepuka chikhale choyenda. Zala zambiri zimene talumikiza zinathyokera pakabaza kapena kumbuyo kwa lole. Ngati chakalecho chiyenera kuyenda ndithu, chigone chagada pamatiresi, mipata ya m'khosi ndi m'mikono itatsekedwa ndi nsalu zopindapinda, ndipo munthu akhale nacho pambali.

Kusunga kwa nthawi yaitali, monga zifanizo za m'khola la Khirisimasi zomwe zimagona miyezi 11, kuli ndi misampha yake. Jumbo ndi yoipa: imatsekera chinyontho, ndipo mukadzatsekula mu Disembala mudzapeza nkhosa zitamera ubweya weniweni. Nyuzipepala imasiya inki. Chitenje chamitundu chikanyowa chimasuluka n'kudetsa. Kulungani chilichonse pachokha ndi nsalu yoyera yathonje yochapidwa, muike m'bokosi lachitsulo, zolemera pansi, bokosilo likhale pathandala osati pasimenti, ndipo mulitsekule kamodzi m'nyengo yamvula tsiku ladzuwa. M'denga la malata musaikemo kanthu: masana ndi ng'anjo, usiku kumazizira, utoto umasweka, makoswe n'kumalizitsa. Chithunzi cha pansalu chisapindidwe ngati bulangete. Ngati palibe kuchitira mwina, chikulungeni papaipi yapulasitiki yaikulu, ya mamilimita 110, utoto uli kunja. Anthu amadabwa ndi zimenezi, koma utoto ukakhala m'kati umafinyika n'kusupuka, pomwe ukakhala kunja ming'alu yake imatsekeka mukatambasula.

Pali ntchito ina yotopetsa imene palibe amaifuna, koma ndiyo imathandiza zinthu zikavuta: kaundula. Chifanizo chilichonse chijambulidwe ndi foni kutsogolo, kumbuyo, m'mbali zonse ndi kunsi, rula ili pambali. Lembani kutalika, chomwe chinapangidwa nacho, mabala amene chili nawo, amene anapereka ndi chaka ngati chikudziwika. Nambala ilembedwe kunsi ndi pensulo. Kope imodzi m'sakristiya, ina kwa Bambo Mfumu, ina kwa mlembi wa tchalitchi konsolo. Zonse zikakhala m'nyumba imodzi, zimanyowa limodzi. Chikabedwa, apolisi amafunsa chithunzi. Chikasweka, mmisiri amafunsa chithunzi. Funsaninso akuluakulu adakali moyo, chifukwa mbiri ya zifanizo zambiri ili m'mutu mwa agogo awiri kapena atatu basi. Ku Japan chikhristu chinaletsedwa mu 1614, anthu ankakakamizidwa kuponda zithunzi zoyera kuti aonetse kuti si akhristu, ndipo mabanja ankasunga Amayi Maria m'maonekedwe a chifanizo cha Chibuda chotchedwa Kannon. Chimene chinasiyanitsa chifanizocho ndi cha aneba chinali mawu amene makolo ankanong'oneza ana. Pa 17 Malichi 1865, patapita zaka zoposa 200 opanda wansembe, zidzukulu zawo zinafika kwa Bambo Bernard Petitjean m'tchalitchi la Ōura n'kufunsa kumene kunali chifanizo cha Maria Woyera.

Madzi osefukira ndiye nkhondo yathu. Amene ali kuchigwa cha ku Chilwa ndi m'mbali mwa Likangala akukumbukira Malichi wa 2019 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Wailesi ikachenjeza, musadikire: kwezani zonse pamwamba pa mita imodzi, kutali ndi mazenera ndi khoma lomwe limanyowa. Gwirizanani pasadakhale anthu atatu odziwa kumene makiyi ali ndi nyumba yolimba yokasungirako. Za m'tabernakulo ndi za Bambo Mfumu kapena amene iwo anamusankha. Ndipo madzi akafika, munthu asabwerere m'tchalitchi chifukwa cha chifanizo. Ku Poland, boma la chikomyunizimu litagwira chithunzi chofanana ndi cha Częstochowa chomwe chinkayendera maparishi mu 1966, akhristu anapitiriza ulendowo ndi felemu yopanda kanthu mpaka 1972, ndipo anthu ankadzaza chimodzimodzi.

Madzi akaphwa, muli ndi masiku awiri nguwi isanayambe. Cholakwa chachikulu ndi kuyanika padzuwa ngati chimanga. Mtengo wouma mofulumira umang'ambika, pepala limakwinyika, utoto umasupuka. Zonse ziume pamthunzi podutsa mphepo, zitseko ndi mazenera zili zotsekula. Zamapepala zitulutsidwe m'mafelemu, zigone chagada pansalu yoyera, chilichonse pachokha. Chimene chamatirira pagalasi chisiyeni chiume ndi galasi lakelo. Pulasitala wonyowa ndi wofewa ngati nsima yadzulo, ndiye mumugwire pang'ono, mumuimike patimitengo tiwiri kuti mpweya ulowe m'mphako, ndipo matope musawapukute. Adikireni aume, adzachoka ndi bulashi. Zimatenga masabata atatu kapena anayi, ndipo padzakhala ena okufulumizitsani kuti chibwerere paguwa Lamulungu likudzali. Akanizeni mwaulemu.

Chimene chakonzedwa kwambiri, timapempha Bambo kuti achidalitsenso chisanabwerere pamalo pake. Chimene chaonongeka kosatheka kukonza sichitayidwa kudzala. Mwambo wa Mpingo ndi woti chinthu chodalitsidwa chiotchedwe kapena chikwiriridwe: chamtengo ndi chapepala chiotchedwe pachokha, phulusa likwiriridwe, cha pulasitala chiphwanyidwe mpaka nkhope isadziwike, n'kukwiriridwa m'bwalo la tchalitchi pamalo posapondedwa. Chafaiba musachiotche, utsi wake ndi woipa, chiduleni, chikwiriridwe. Dzenje likhale lakuya theka la mita kuti ana osewera ndi khasu la olima maluwa zisachifukule, ndipo m'kaundula muja, pafupi ndi nambala yake, mulembe tsiku ndi malo.